Za Tambala wa Angerezi ndi Tambala wa Kwathu



Mwezi uno tifuna kucheza nanu za kanthu kooneka kakang'ono, koma kamene tiyesa kuti nkoyenera kukalingalira pamodzi. Nkhani yache inayambira pa khonde la nyumba ina kufupi ndi msika wa Nselema. Tinali titakhala pa mphasa madzulo, tirikucheza ndi eni nyumba, pamene mnyamata wa m'nyumbamo, wophunzira mu Standade 5, anadza kwa agogo ache aakazi nati: "Anganga, kodi mudziwa kuti tambala salira kokoliriko? Lero taphunzira kuti alira cock-a-doodle-doo. Zalembedwa m'buku." Agogowo analeka kutongola chimanga, namuyang'ana mwanayo, nati: "Iwe, tambala ameneyo ngwa kuti? Ine ndakalamba ndirikudzutsidwa ndi atambala, koma wolira chotero sindinamumve." Tonse tinaseka. Koma mwanayo sanaseke. Anangoti agogo sadziwa, pakuti sanapite ku sukulu.

Mau otsirizawa ndiwo anatitsalira mumtima pobwerera kwathu. Kodi wanena zoona ndani, buku kapena agogo? Ndipo mwana akayamba kuyesa kuti makutu a makolo ache ngonama ngakhale pa kulira kwa tambala wa pakhomo pao, adzawakhulupirira pa chiyani? Tsono tiyeni tione bwino nkhani imeneyi, kuti tsiku lina mwana wanu akadza nalo funso lomweli mukhale nao mau akumuyankha.

MAU OTSANZA A ANGEREZI

Tiyambe ndi buku la mwanayo, pakuti silinama iai. Angerezi ali nao mau ena amene anapangidwa potsanza kulira kwa chinthu chimene mauwo achitchula. Mau otere awatcha onomatopoeia, dzina lalitali ndi lobvuta pa lilime, limene iwonso anabwereka kwa Agriki akale. M'Chigriki onoma ndilo dzina, ndipo mbali yotsalayo inena za kupanga. Ndiko kuti chinthucho chikhala ngati chadzipangira chokha dzina ndi kulira kwache, munthu nangobwereza chimene wamva.

Njuchi ikamauluka, Mngerezi anena kuti buzz. Njoka ikaopsa, iye amva hiss. Mwala ukagwa m'madzi ati splash, mfuti ikalira ati bang, mbale zikagwa ndi kusweka ati crash. Ng'ombe kwao iti moo, mphaka meow, bakha quack, garu woof kapena bow-wow. Wochi ya pa khoma iti tick-tock, ndipo belu liti ding-dong. Ali nayonso mbalame imene ifika ku England m'mwezi wa April, chisanu chitatha, ndipo aitcha cuckoo chifukwa ndimo iliramo.

Mau ena otere anakalamba, nasintha nkhope, mwakuti eni ache omwe sawazindikiranso. Nkhunda Angerezi aitcha pigeon. Dzina limeneli linachokera ku Chilatini, kumene kamwana ka mbalame kolira pii pii anakatcha pipio. Linadzera m'kamwa mwa Afalansa, ndipo pofika ku England kulira kuja kunali kutatayika m'njira. Ena ndi atsopano, pakuti anthu salekeza kupanga mau. M'chaka cha 1923 kampani ya ku America ya B. F. Goodrich inayamba kugulitsa nsapato za mphira zotsekera ndi kachitsulo kokoka, nizitcha zipper, pochokera ku zip, ndiko kulira kwa kanthu kothamanga msanga. Telala wa pa khonde la sitolo ku Nselema akamakufunsani ngati mufuna zipi pa thalauza, alikutchula mau otsanza a Chingerezi osadziwa. Chomwechonso wogwira kompyuta anena click. Ndipo malo aja ochezerapo pa intaneti, amene anayamba mu 2006 ndi dzina la Twitter, nasinthidwa kukhala X mu 2023, anatenga dzina loyambalo ku kulira kwa timbalame.

Nthawi zina chinthu chifa, koma mau ache otsanza natsala. Ana a Angerezi atcha sitima ya pamtunda choo-choo, potsanza sitima zakale zoyendera nthunzi, zonga zimene makolo athu anazimva ziripuma pa siteshoni ya Balaka. Sitima zimene zidutsa lero pa Liwonde kunka ku Nayuchi, pa njanji imene inatsegulidwa mu 1970, ziyendera dizilo, ndipo zambiri zisenza malasha a ku Moatize kunka nao ku Nacala. Kulira kwache nkwina ndithu. Koma m'mabuku a ana sitima ikali kunena choo-choo.

TAMBALA MMODZI, MAKUTU AMBIRI

Tsono tibwerere kwa tambala. Ansembe a Montfort amene anafika pa Nzama mu 1901, ndi anzao amene anawatsata, ambiri anali Afalansa ndi Adatchi. Mfalansa akamva tambala anena kuti cocorico, ndipo muona nokha kuti ameneyu ali pafupi ndi agogo a ku Nselema kopambana ndi buku la mdzukulu wao. Mdatchi anena kukeleku. Mjeremani anena kikeriki. Anansi athu a ku Mozambique, ophunzira Chipwitikizi, awerenga m'mabuku ao kuti cocorocó. Mukasonkhanitsa anthu onsewa m'bwalo limodzi mbandakucha, tambala mmodzi yemweyo nalira, yense adzalumbira kuti walira monga anena kwao.

Chifukwa chache nchiyani? Tambala salankhula chiyankhulo cha munthu aliyense. Alibe milomo, alibe mano, ndipo kulira kwache sikulembeka. Munthu pofuna kumtsanza atola zipangizo zimene ali nazo m'kamwa mwache, monga mmisiri amanga nkhokwe ndi nsungwi kumene kuli nsungwi, ndi bango kumene kuli bango. M'chiyankhulo chathu liu lirilonse litsirizira poyera, pa a, e, i, o kapena u. Chifukwa chache garu wathu ati hu hu, pakamwa pali potseguka. Chingerezi chikonda kutsekera mau ache ndi milomo kapena mano, ndipo garu wao ati woof. Onse amva garu yemweyo, ndipo yense amtsanza monga lilime lache linazolowera kuyambira ali pamsana pa amache.

Chotero buku lanena zoona za Angerezi, ndipo agogo anena zoona za ife. Wolakwa ndi iye yekha amene ayesa kuti kutsanza kwa mtundu wina ndiko kulira kwenikweni kwa tambala. Kulakwa kumeneku nkwakale. Agriki aja pomva alendo alikulankhula ziyankhulo zao, m'makutu mwao munangomveka bar bar bar, ndipo anawatcha barbaros. Poyamba dzinali linangonena mlendo wosadziwa Chigriki, koma pambuyo pache linasanduka chitonzo, ndipo mpaka lero m'Chingerezi barbarian ndiye munthu wakuthengo wosadziwa mwambo. Taonani kumene kupeputsa kalankhulidwe ka mnzako kufikitsa!

Anthu ena ophunzira anayesa kuti kulankhula konse kwa anthu kunayamba ndi kutsanza nyama ndi mphepo. Max Müller, Mjeremani wophunzitsa ku Oxford, anaseka maganizo amenewa m'maphunziro ache a mu 1861, nawapatsa dzina lachipongwe la bow-wow. Ndipo pamenepo anakhoza, pakuti mau ochuluka a m'chiyankhulo chirichonse satsanza kanthu. Liu lakuti nyumba silimveka ngati nyumba, ngakhale lakuti madzi ngati madzi. Koma kuseka kotere kunathandiza kukhazika mtima wakuti mau otsanza ndi a ana ndi a masewera, osayenera munthu wamkulu wolemba za nzeru. Mtima umenewo ndiwo unaoloka nyanja pamodzi ndi mabuku a sukulu, nufika kuno kumene zinthu ziri mwina.

CHUMA CHA KWATHU: MVEKERO

Pakuti kwathu kuno mau otere si a ana okha. Aphunzitsi a Chichewa awatcha mvekero, ndipo awawerenga pamodzi ndi dzina, mneni ndi mitundu ina ya mau. Tiri nao otsanza kulira monga a Angerezi aja. Mlendo pa chitseko ati gogogo. Mvula ya mu January pa denga la malata iti waa, ndipo ikakata, madzi a pa tsindwi atsala alikuti tho, tho, tho. Munthu woyenda m'masamba ouma ati tswa tswa. Njinga ya moto itangofika m'dziko muno, anthu sanadikire kuti wina awauze dzina lache. Anaimvetsera, naitcha mthuthuthu. Ndipo mukatchera khutu kwa khwangwala ndi nkhwali, mudzamva kuti maina ao sali kutali ndi kulira kwao.

Koma mvekero wathu upitirira pamenepo, ndipo apa ndipo tisiyana ndi Angerezi. Iwo atsanza kwambiri zimene khutu limva. Ife titsanzanso zimene diso liona, zimene lilime lilawa, zimene mphuno inunkhiza, ndi zimene thupi limva. Ufa woyera uli mbee. Usiku wopanda mwezi kunja kuli bii. Maso a munthu wolira ali psuu. Dambo la mpunga la kufupi ndi nyanja ya Chiuta, mvula itagwa bwino, liri biriwiri. Mphezi iti ng'ani, nyenyezi ziti phethiphethi. Nzimbe iri tseketseke, ndiwo zopanda mchere ziri zii, ndipo nsomba yoola ikhala pfungo guu. Mtsuko wadzaza tho. Chimanga m'nkhokwe chatha psiti. Woledzera ayenda dzandidzandi, mlenje ayenda nyang'anyang'a, msilikali aima njoo, wodwala wayamba kukhala tsonga. Mlendo wosayembekezeka angoti balamanthu. Zonsezi ziribe kulira konse, koma tikazitchula womvera aziona ndi maso.

Chodabwitsa choposa ndi ichi, kuti tiri nao mvekero ngakhale wa kusowa kwa phokoso. Pamudzi pa maliro, usiku utapita, pali zii. Nyanja yopanda mphepo iri phee. Munthu wofunsidwa mlandu wosowa poyankha angoti duu. Mitundu itatu ya kukhala chete, ndipo uliwonse ndi dzina lache! Mngerezi pofuna kunena zimenezi ayenera kumanga mau ambiri, ndipo pomaliza sizifika pamene zii wathu afika.

Mvekero uli ndi malamulo ache, ngakhale agogo athu sanawaphunzire m'buku. Kawirikawiri utsata mneni wakuti kuti kapena kuli: anangoti phi, kunja kuli mbee. Ukautalikitsa, chinthucho chikula kapena chikhalitsa. Mdima wa bii ndi wina, wa biii ndi woopsa. Ukaubwereza, chinthucho chichitika kawirikawiri. Phi ndiko kugwa kwa papaya limodzi, koma phi phi phi ndiye kuti mwana wakwera mumtengo ndipo alikugwedeza. Ndiponso aneni athu ambiri ali pa chibale ndi mvekero, monga mwana ndi amache: gogogo ndi kugogoda, gwedegwede ndi kugwedeza, nong'onong'o ndi kunong'oneza, thyo ndi kuthyola, phuli ndi kuphulika, balala ndi kubalalika, lefu ndi kulefuka. Ngakhale liu lija lakuti mwadzidzidzi, limene tiliwerenga m'nyuzipepala masiku onse, liri ndi dzidzidzi m'kati mwache. Wofuna kuzula mvekero m'chiyankhulo chathu adzazula pamodzi ndi mizu ya mau ambiri.

Kuti muone mphamvu yache, tamverani nkhani imodzi yonenedwa kawiri. Woyamba ati: Mnyamata anakwera mu mtengo wa mango, nthambi inathyoka, iye anagwa pansi, anzache anathawa, ndipo panalibe wolankhula. Wachiwiri ati: Mnyamata uja kukwera m'mango muja, nthambi thyo! iye pansi phi! anzache balala! pamudzi ponse zii. Woyambayo wakuuzani zimene zinachitika. Wachiwiriyo wakutengani pa dzanja, nakuimikani pansi pa mtengowo. Abale athu olankhula Chiyao, amene tikhala nao khomo ndi khomo kuno ku Machinga, ali nacho chuma chomwechi m'chiyankhulo chao, ndipo mukamvera nkhalamba yao irikusimba za ulenje kapena za ulendo mudzazindikira mvekero wache ngakhale simumva mau ena onse.

ZIMENE ANAPEZA ANTHU OFUFUZA

Si Azungu onse amene anapeputsa mau amenewa. David Clement Scott wa ku Mishoni ya Blantyre, posindikiza buku lache lalikulu la mau a Chimang'anja mu 1892, analembamo mvekero wambiri monga anaumva kwa anthu, ndipo Alexander Hetherwick analikonzanso bukulo nilituluka mu 1929. Pambuyo pache kunadza Clement Doke, amene anayamba ntchito yache pakati pa Alamba ku Zambia, dziko limene masiku amenewo linatchedwa Northern Rhodesia, nadzakhala mphunzitsi wamkulu wa ziyankhulo ku Johannesburg. Iye anaona kuti dzina lija la onomatopoeia lichepa, silikwana mau onga mbee kapena zii amene satsanza kulira. Ndipo m'buku lache la mu 1935 anakhazikitsa dzina lina lakuti ideophone, ndiko kunena ganizo lobvekedwa m'mau omveka. Dzina limeneli ndilo agwiritsa ntchito ofufuza a m'maiko ambiri kufikira lero. Tsono zindikirani kuti Chingerezi chinayenera kufuna dzina latsopano kuti chitchule chinthu chimene agogo a ku Nselema achita tsiku ndi tsiku.

Ndipo sitiri tokha. Anthu a ku Japan ndi a ku Korea, amene palibe angawayese osaphunzira, ali ndi mvekero wochuluka zedi, ndipo aulankhula ndi kuulemba osachita manyazi. Mjapani mtima ukamagunda anena dokidoki, monga ife titi thi thi thi. Ndipo pamene ife titi zii, iye ati shiin.

Ofufuza anapezanso kuti pali zina zimene makutu a anthu a mitundu yosiyana agwirizana. Mu 1929 Edward Sapir wa ku America anauza anthu kuti pali matebulo awiri, lalikulu ndi laling'ono, ndi maina awiri opeka, mal ndi mil, nawafunsa kuti dzina liti nla tebulo liti. Ochuluka anapatsa mal lalikulu, mil laling'ono. Chifukwa chache nchakuti potchula i pakamwa pachepa, potchula a kapena o pakamwa pakula. Muona chomwecho m'Chingerezi: clink ndiko kulira kwa tambula, clank kwa unyolo, clunk kwa chitsulo cholemera. Muonanso kwathu: belu la njinga liti ngiringiri, belu lalikulu la pa tchalitchi liti ngoo, ngoo, kamwala kakagwa m'chitsime kati chubwi, koma mvuu ikadziponya mu Shire pa Liwonde iti khuvuu. Yesani nokha madzulo ano, mufunse ana anu za matebulo awiri aja, muone chimene adzayankha.

NTCHITO YA MVEKERO PA MOYO WATHU

Kapena wina adzati: zonsezi nzokoma pa nthano, koma sizidyetsa munthu. Tiyankha kuti mvekero ugwira ntchito pa malo amene moyo wa munthu uli pa ngozi. Mai wofika ku chipatala ndi mwana akangoti mwana akudwala, sananene kanthu. Onse a pa mzerewo akudwala. Koma akati thupi liri juu kuyambira dzulo, alikupuma wefuwefu, wangoti lefu ndipo sayamwa, zikhatho ziri mbee, pamenepo sing'anga wamva zinthu zinai zazikulu: kutentha thupi, kupuma kofulumira kumene kawirikawiri kusonyeza chibayo, kufooka koopsa, ndi kuchepa kwa magazi. Mau anai aang'onowo angathe kumchotsa mwana kumapeto kwa mzere ndi kumuika patsogolo. Madokotala a Chingerezi omwe, ngakhale ali ndi mau ambiri a Chilatini, pofika pa chifuwa cha munthu abwerera ku mau otsanza. Kugunda kwa mtima wabwino aphunzitsana kuti lub-dub. Phokoso lachilendo la mumtima alitcha murmur. Kupuma kolira kwa wodwala mphumu akutcha wheeze. Nthenda imene ife titi chifuwa chokoka mtima iwo ati whooping cough, potsanza kulira kwa mwana pokoka mpweya atatsokomola.

Chomwechonso mnyamata wa kabaza wopita ndi njinga yache ya moto kwa makaniko. Akati yaonongeka, makaniko adzamasula injini yonse, ndipo mtengo udzakwera. Akati poyenda irikuti khokhokho cha kumunsiku, mmisiriyo adziwa poyambira. Ndi pa bwalo la mfumu, mboni yonena kuti anamgwira pa mkono isiyana ndi mboni yonena kuti anamgwira gwi. Akuluakulu oweruza amva kusiyana kwache, ndipo mlandu ungatembenukire pa kaliu kamodziko. Mvekero uthandiza munthu kunena ndendende chimene anaona kapena kumva.

CHIMENE TIRIKUOPA

Tsono nchifukwa ninji tadandaula ndi mau a mnyamata uja? Nchifukwa tiona kuti chuma chimenechi chirikuchepa m'kamwa mwa ana athu, makamaka amene apita patsogolo ndi sukulu. Mwana wa ku Nselema asenza katundu wolemera. Kawirikawiri kunyumba alankhula Chiyao, pa msika ndi pa wailesi amva Chichewa, chimene chinakhala chiyankhulo cha dziko lonse mu 1968, ndipo m'kalasi afunidwa Chingerezi. Mu 1996 boma linalola kuti ana a Standade 1 mpaka 4 aphunzitsidwe m'chiyankhulo cha kwao. Koma lamulo la maphunziro la mu 2013 linaika Chingerezi kukhala chophunzitsira, ndipo mu 2014 kunalengezedwa kuti ziyambire mu Standade 1. Mwana aona msanga chiyankhulo chimene chiri ndi ulemu. Aphunzira kuti m'chimangirizo cha Chingerezi salembamo bang kapena woof, pakuti nzachibwana. Ndipo pobwera ku Chichewa atenga muyeso womwewo, nayamba kuchotsa phi ndi zii, kuyesa kuti ndiko kulemba kwa munthu wophunzira. Chotsala ndi Chichewa chouma, chomangidwa monga Chingerezi, chimene ngakhale mwini wache sakondwa nacho.

Ife a mabuku a mpingo sitinganene kuti tiribe mlandu. Mabuku ambiri oyamba anatembenuzidwa kuchokera ku ziyankhulo za ku Ulaya zosowa mvekero, ndipo anthu anazolowera kuyesa kuti mau olemekezeka ndi opanda mvekero. Pambuyo pache ena anazindikira kutayika kumeneku. Ernst Wendland, amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Lusaka pamodzi ndi otembenuza Malembo, ndipo anathandiza pa Buku Loyera limene linatuluka mu 1998, analemba molimbikitsa kuti otembenuza asaope mvekero pamene eni chiyankhulo akadaugwiritsa ntchito.

Musatimve molakwa, abale. Sitinena kuti ana aleke Chingerezi. Achiphunzire ndi mphamvu zao zonse, pakuti wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE, ndipo makomo ambiri a ntchito amtsekekera. Aphunzire buzz ndi splash ndi cock-a-doodle-doo yemwe, akondwere nao, pakuti nao ndi okoma. Koma pa mbali iyi ya mau Chingerezi ndicho chosauka, ife ndife olemera. Ndipo nkupusa kuti mwini nkhokwe yodzaza aitenthe chifukwa mlendo wache wadza ndi kathumba.

ZIMENE TINGACHITE M'NYUMBA ZATHU

Choyamba, inu agogo ndi inu amai, musaleke nthano za madzulo, ndipo posimba musachepetse mvekero poopa kuti adzukulu ophunzira adzakusekani. Kalulu athawe ndithu, fisi agwe phi, mfumu ingoti duu. Mwana sangaphunzire mau amenewa m'buku. Awaphunzira ndi khutu, pamodzi ndi manja ndi nkhope ya wosimbayo.

Chachiwiri, inu atate, mwana akadza ndi liu la Chingerezi lotsanza, musamdzudzule, ndiponso musagonje. Mfunseni kuti, Nanga ife titi bwanji? Nanga m'Chiyao ati bwanji? Chikhale chisewero cha pa nyumba: iye aphunzitse akulu hiss ndi crash, akulu amphunzitse iye nyang'anyang'a ndi balamanthu, ndipo muone amene adzayamba kusowa mau. Tikhulupira kuti sadzakhala agogo.

Chachitatu, inu ana a sukulu amene muwerengera makolo anu kalata iyi, tengani kope lakale, mulembemo mvekero uliwonse umene mumva kwa akulu, ndi tanthauzo lache, ndi mudzi kumene mwaumva. Pakuti wina umveka ku Ntaja koma ku Balaka saudziwa, ndipo wina utsala m'kamwa mwa nkhalamba imodzi yokha. Scott uja anayamba chomwecho, ndipo anali mlendo. Inu ndinu eni ache.

Chachinai, inu aphunzitsi, pophunzitsa tambala wa m'buku onjezani mau amodzi okha, kuti umo ndimo amvera Angerezi. Mau amodziwo adzasunga ulemu wa agogo ambiri.

Tinabwereranso pa khonde lija patapita masabata awiri, titatenga maina a atambala a Afalansa, Adatchi ndi Ajeremani. Mnyamata uja atamva cocorico anayang'ana agogo ache, nakhala kanthawi osanena kanthu. Kenaka anafunsa ngati Afalansa nao sanapite ku sukulu. Agogo anaseka mpaka misozi, namtuma kukatsekera nkhuku m'khola.

Tsalani bwino nonse, ndipo mtendere ukhale m'nyumba zanu kufikira tidzachezanso mwezi wa mawa.